MOTO WA CISANU WAKWERA MTENGO KU MALAMBO

Anthu a kumtunda, a ku Chipata, Katete ndi Lundazi, akamva dzina la Malambo amaganiza za kutentha kokha. Amakumbukira mwezi wa October, pamene dzuwa la m'cigwa ca Luangwa limapitirira madigiri 40 ndipo munthu amagona pabwalo cifukwa m'nyumba simukhalika. Koma iye amene anagonako mu June kapena July adziwa kuti cigwaci ciri ndi cisanu cakenso. Dzuwa likangolowa kuseri kwa mapiri a Muchinga, mphepo yozizira imatsikira m'madambo a Lupande ndi Luangwa, ndipo mbandakuca kuzizira kumafika pafupi ndi madigiri 10. Kwa anthu ozolowera thukuta, amene nyumba zao anazimanga kuti zizipita mphepo ndiponso zofunda zao nzopepuka, cisanu cotere cimalowa m'mafupa.

Miyezi imeneyi nyumba iri yonse imafuna moto woposa wa masiku onse. Madzi osamba ana asanapite ku sukulu afunika kufunditsa, phala la m'mawa lifunika, nkhalamba ndi makanda afunika kuotha, ndipo madzulo banja silicoka msanga pamoto. Kale moto umenewu sunali kuwerengedwa m'ndalama. Lero mwini nyumba wa ku Mfuwe, ku Masumba kapena pa Boma la Mambwe amauwerenga monga momwe awerengera unga ndi mcere. Motowo ucokera ku zinthu zitatu, magetsi, makala ndi nkhuni, ndipo zitatuzi ziri ngati mafuwa: limodzi likasunthika, mphika wonse umapendekeka.

MAGETSI

Boma la Mambwe siliri kutali ndi nthambo zazikulu za magetsi. Kwa zaka zambiri magetsi a Cigawo ca Kum'mawa anali kucokera ku Lusiwasi, m'boma la Serenje, natsika mapiri a Muchinga, naoloka Luangwa kufika pa Msoro, pamene nthambo zimagawikana, zina kunka ku Chipata, zina ku Mfuwe. Pambuyo pake kunamangidwa nthambo yaikulu koposa yocokera ku Pensulo, imene nayonso idzera pa Msoro pomwepo. Ngakhale ziri tero, midzi yambiri ya mafumu asanu ndi mmodzi a Akunda, ndiwo a Nsefu, a Kakumbi, a Jumbe, a Mnkhanya, a Malama ndi a Msoro, imangoona nthambozo zirikupita pamwamba. Amene ali ndi mita m'nyumba ndi eni masitolo, aphunzitsi, anamwino, anchito a Boma ndi ena mwa iwo ogwira nchito m'makampu a alendo odzaona nyama.

Kwa anthu amenewa mtengo wakhala ukukwera. Mu 2017 bungwe la Energy Regulation Board, limene liyang'anira mitengo ya magetsi ndi mafuta, linalola kampani ya ZESCO kukweza mtengo ndi 75 peresenti m'magawo awiri, mu May ndi mu September. Mtengo unakweranso mu January 2020, ndipo mu 2023 bungwelo linabvomereza dongosolo la mitengo ya zaka zisanu, kuyambira 2023 kufikira 2027.

Koma cimene cinapweteka anthu koposa ndi cilala. Magawo oposa 80 pa 100 a magetsi a dziko lino akhala akucokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Mvula ya dzinja la 2023 kulowa 2024 itakanika, Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 February 2024 kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anaphwa kotero kuti pofika October caka comweco makina amodzi okha mwa asanu ndi amodzi a mbali ya Zambia ndiwo anali kuzungulira, ndipo m'madera ambiri magetsi anali kuzima mpaka maora 21 pa tsiku. Mu November 2024 kunaikidwa mitengo yapadera ya nthawi ya ngozi, kuti papezeke ndalama zogulira magetsi ku maiko ena. Nyumba zogwiritsa nchito magetsi ocepa zinacitiridwa cifundo, koma zogwiritsa ambiri zinalipira koposa. Kuzimazima kwa mtundu umenewu kunaonekanso mu 2015 ndi mu 2019, ngakhale sikunafike pamenepa.

Parafini nayenso salinso pothawira. Mu December 2021 Boma linaleka kulipirirako mtengo wa mafuta, ndipo kuyambira 2022 mitengo inayamba kuunikidwa mwezi ndi mwezi. Wosauka, amene amagula parafini wa m'kabotolo pa kantemba kuti ayatse koloboyi, ndiye amalipira koposa onse akawerenga pa lita.

MAKALA

Magetsi akazima kapena akadula, mai wa ku Chipata kapena ku Lusaka satseka khichini. Amatulutsa mbaula. Tsono pamene nyumba zikwizikwi za m'matauni zitulutsa mbaula tsiku limodzi, makala, amene ambiri amawacha malasha, amakwera mtengo, ndipo ogula amapita kutali kukawafuna. Akulu anati moto umapita kumene kwatsala thengo. Kumtunda mitengo inatha ndi minda, fodya ndi nkhwangwa, koma ku Malambo thengo likalipo, ndipo msewu wocokera ku Chipata kufika ku Mfuwe tsopano ngwa phula. Woyenda pa msewu umenewu, makamaka potsika mapiri a Mphomwa, amaona matumba a makala ataimikidwa m'mbali, kuyembekeza njinga ndi magalimoto okwera kumtunda.

Cotsatira cake ncakuti mphunzitsi wa ku Masumba ndi wogulitsa pa msika wa Cropping ku Mfuwe, ngakhale akhala pafupi ndi thengo, alimbirana thumba limodzimodzi ndi wogula wa ku Chipata. M'nyengo ya cisanu, pamene mbaula iyaka m'mawa, masana ndi usiku, thumba limene likanatha mwezi limatha mwezi usanafike pakati.

Mtengo umene ufunidwa koposa ndi tsanya, umene ena amaucha mupani. Ndi mtengo wolimba, wolemera, wa makala okhalitsa, koma ndi wocedwanso kukula. Ndipo m'uvuni wa dothi, momwe makala amaochedwa m'midzi, gawo lalikulu la mtengo limapita ndi utsi: pafunika nkhuni zolemera makilogalamu 5 kufikira 10 kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala. Thumba limodzi loimikidwa pa msewu liimira mulu waukulu wa mitengo imene inali ciriri. Akatswiri a nkhalango akhala akunena kuti dziko la Zambia limataya mahekitala 250,000 kufikira 300,000 a nkhalango caka ciri conse, cifukwa ca minda yatsopano, makala, matabwa ndi moto wa m'thengo.

Sitinena kuti woocha makala ndi mdani wa dziko. Kawirikawiri ndi mlimi amene cimanga cake cinapserera ndi dzuwa kapena cinadyedwa ndi njobvu, ndipo ndalama za thonje zimabwera kamodzi pa caka pamene njala ndi zofunika za ku sukulu siziyembekeza. Iye ndiye amagwira nchito yolemetsa, napuma utsi masiku ambiri, koma pa mtengo umene thumba ligulidwa m'tauni gawo lake ndilo locepa, cifukwa wonyamula ndi wogulitsa amatengapo zao. Lamulo la Nkhalango la 2015 lifuna kuti woocha ndi wonyamula makala akhale ndi cilolezo ca Dipatimenti ya Nkhalango, ndipo mu April 2024 Boma linaimitsa zilolezo zoochera makala m'maboma a Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji poona kutha kwa mitengo kumeneko. Koma lamulo lokha silizimitsa uvuni pamene m'tauni mbaula zirikuyembekeza ndipo kumudzi nkhokwe iri pululu.

NKHUNI

Nyumba zambiri za m'boma la Mambwe sizigula magetsi kapena makala. Zimaphika ndi kuotha nkhuni, ndipo anthu amati nkhuni nzaulere. Amene anena tero sanasenzepo mtolo. Mtengo wa nkhuni ulipiridwa ndi miyendo, khosi ndi nthawi ya amai ndi atsikana. Kalembera wa 2010 anapeza anthu pafupifupi 69,000 m'boma lino, koma wa 2022 anapeza pafupifupi 119,000. Anthu akaculuka, mafuwa aculuka, minda ikula, ndipo nyumba za njerwa zimene zirikumangidwa ku Mfuwe ndi m'mbali mwa msewu zifuna mauvuni odya zikuni zazikulu. Nkhuni zouma zimene kale zinali kuseri kwa nkhokwe tsopano ziri ulendo wa maora.

Ku Malambo ulendo umenewu uli ndi coopsa cimene a kumtunda sacidziwa. Gawo lalikulu la boma lino liri m'dera la Lupande, momwe anthu ndi nyama akhalira limodzi, moyandikana ndi nkhalango ya South Luangwa imene inakhazikitsidwa kukhala paki mu 1972. M'paki simuloledwa kutola nkhuni, koma nyama sizidziwa malire. Njobvu zimaoloka Luangwa m'nyengo ya cilimwe kudzadya masamba a tsanya ndi zotsala m'minda, ndipo zimayenda m'thengo lomwelo m'mene amai amatola nkhuni. Njati yobisala pa citsamba nayonso siicenjeza. Anthu afa ndipo ena alemala pa maulendo otere. Cifukwa cake ku Malambo mtolo uli wonse umene wapulumutsidwa pa mafuwa ndi ulendo umodzi wa m'thengo umene mai sanauyende.

ZIMENE MABANJA AKUCITA

Mtengo wa magetsi uikidwa ku Lusaka, ndipo madzi a ku Kariba adalira mvula yogwa kutali, kumene Zambezi acokera. Pa zimenezi mwini nyumba wa ku Jumbe alibe mau. Pamene ali ndi mau ndi pa moto wake. Moto wochipa koposa ndi umene sunasonkhezedwe, ndipo mabanja amene azindikira ici ndiwo akupyola cisanu osalowa ngongole.

Coyamba ndi citofu ca dothi. Pa mafuwa atatu moto umabalalika mbali zonse, ndipo kutentha kumene kumalowa mu mphika ndi gawo laling'ono cabe, pafupifupi limodzi mwa magawo khumi. Citofu comangidwa ndi njerwa zocepa ndi dothi la pa culu cimasunga moto m'kati, cimalowetsa mpweya pansi ndi kulunjika lawi pa thako la mphika. Sicifuna zikuni koma timitengo tating'ono, ndipo cikamangidwa bwino cimacepetsa nkhuni ndi gawo limodzi mwa atatu, mwina mpaka theka. Bungwe la COMACO, limene a Dale Lewis analiyambitsa m'cigwa cino ca Luangwa mu 2003, lakhala likuphunzitsa alimi kamangidwe ka zitofu zotere.

Pali cinthu cimodzi cimene tiyenera kunena mosabisa. Citofu ca dothi, pokhala cisunga moto m'kati, sicifunditsa nyumba monga moto wa pa mafuwa, ndipo cifukwa ca ici ena amacisiya mu June nabwerera ku mafuwa, m'mwezi womwewo umene nkhuni zifunika koposa. Nzeru yake ndi kugawa nchito: phala, nsima ndi ndiwo ziphikidwe pa citofu, ndipo moto woothera uyatsidwe kamodzi madzulo, pamene banja lonse lasonkhana. Dothi la citofu limakhala lofunda nthawi yaitali moto utazima, ndipo mphika wa madzi woikidwa pamenepo umakhala wothandiza.

Caciwiri ndi kulima nkhuni monga momwe tirimira cimanga. Mtengo wa gliricidia, umene alimi ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa aubzala m'mizere m'minda mwao, umakula msanga. Masamba ake akakwiriridwa amabwezera conde m'nthaka, ndipo mtengowo ukadulidwa pa msinkhu wa bondo umaphukanso. Nthambi zake zikauma ndizo nkhuni zoyenera citofu ca dothi. Mitengo ya nandolo itakololedwa, ndi zitsononkho za cimanga, nazonso zimaphika phala. Ngakhale tsanya amaphukira pa citsa ngati wadulidwa bwino ndipo mphukira zake zachinjirizidwa ku moto wolusa wa mu September ndi October. Ndico cifukwa alangizi a nkhalango amati thengo liziochedwa msanga, udzu usanaumitse.

Cacitatu ndi kaphikidwe. Nyemba ndi samp zonyikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga. Mphika wobvundikira umawira msanga kuposa wapululu. Nkhuni zouma, zosungidwa pa thandala, zimapereka moto wambiri ndi utsi wocepa kuposa zaziwisi. Nyemba zikawira kwa kanthawi, mphika ungathe kuphulidwa ndi kuikidwa m'dengu loyalidwa nsanza kapena udzu wouma, nubvundikiridwa bwino, ndipo zimapitiriza kupsa zokha popanda moto. Zikuni zotsala zizimitsidwe ndi dothi kapena mcenga kuti zigwirenso nchito mawa.

KWA AMENE ALI NDI MITA

Iwo amene ali ndi magetsi ayenera kudziwa ciwerengero cimodzi. Yuniti imodzi ndi mphamvu ya mawati 1,000 yoyaka ora limodzi. Hita ya mawati 1,000 ikayaka maora 5 usiku uli wonse imadya mayuniti 150 pa masiku 30. Babu la mtundu wakale la mawati 100 limatha yuniti imodzi m'maora 10, pamene babu la LED la mawati 10 limatenga maora 100 kuti lithe yuniti yomweyo. Zimene zimadya ndalama ndi zonse zotenthetsa, ndizo hita, sitovu, ketulo, nsimbi ndi giza. Wailesi, foni ndi nyali zimadya pang'ono.

Ciwerengeroci ncofunika cifukwa mtengo wa yuniti suli umodzi. M'dongosolo la 2023 mayuniti 100 oyamba a mwezi anaikidwa pa mtengo wotsika, ndipo otsatira pa mitengo yokwererapo. Hita imodzi yokha ingathe kucotsa nyumba pa mtengo wotsika ndi kuiponya pa wokwera. Bulangeti lolemera, logulidwa kamodzi ndi ndalama za thonje kapena za cilimba, limafunditsa zaka zambiri osapempha yuniti. Mphika wa magetsi wotsekera nthunzi m'kati umapsetsa nyemba ndi yuniti yosakwana imodzi, ndipo ngakhale uli wodula pogula, umabweza ndalama zake pa makala amene sanagulidwe.

Dzuwa la ku Malambo, limene anthu amadandaula nalo mu October, ndi cuma cosagula. Nyali ya sola, kapena kabale kakang'ono ka sola pa denga pamodzi ndi batire, zimapereka kuwala kowerengera ana ndi mphamvu ya foni, ndipo zimathetsa kugula parafini ndi makandulo. Siziphika nsima ndiponso sizifunditsa nyumba, koma ndalama zimene zapulumutsa zimapita ku zina.

CENJEZO KWA ONSE

Caka ndi caka m'dziko muno mumamveka maliro a anthu amene anagona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa poizoni umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire ndi mseru, kenaka amafooka, ndipo wogona sadzukanso. Mbaula itulutsidwe pabwalo anthu asanagone, ngakhale makala aoneke ngati azima, ndipo pamene iri m'nyumba zenera kapena citseko cikhale cotsegula. Mukapeza munthu wakomoka m'nyumba yotere, mtulutseni msanga ku mphepo ndi kuthamangira naye ku cipatala.

Utsi wa nkhuni nawonso umapha, koma pang'onopang'ono. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerenga kuti mu 2020 anthu oposa mamiliyoni atatu anafa ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba, ndipo pakati pao panali ana ambiri ogwidwa ndi cibayo. Mwana wa kumbuyo amapuma utsi womwewo umene amai ake apuma. Ana okwawa, nkhalamba ndi odwala khunyu asasiyidwe okha pamoto, ndipo moto usasonkhezedwe pafupi ndi denga la udzu kapena nkhokwe.

NCHITO YA ONSE

Mutu umodzi susenza denga. Lamulo la Nkhalango la 2015 lipatsa midzi mphamvu yopanga magulu oyang'anira nkhalango zao, ndi kuika malamulo a kumene kudulidwa ndi kumene kusiyidwa. Kuyambira 2014 kampani ya BioCarbon Partners yagwirizana ndi mafumu ena a m'cigwa ca Luangwa pa nchito imene midzi imalandira ndalama cifukwa cosunga nkhalango. Ndalama zotere zikafika, nkoyenera kuti mafumu, nduna ndi makomiti a m'midzi akumbukire mai wa mtolo, pakuti ndiye amene auzidwa kuti asalowe m'thengo losungidwalo. Mbande za mitengo, zitofu ndi nyali za sola ziyenera kukhala pa mndandanda pamodzi ndi zitsime ndi makalasi. Bungwe la Rural Electrification Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003 kuti lifikitse magetsi kumidzi, likali ndi nchito yaikulu m'boma limene nthambo zazikulu zidutsa pamwamba pa midzi ya mdima.

Kwa awerengi athu a ku Malambo, nthawi yokonzekera cisanu si June ai. Citofu cimangidwa m'cilimwe, pamene dothi liuma msanga. Mbeu za gliricidia zifesedwa pa nazale mu September ndi October kuti mbande ziokedwe mvula itakhazikika mu December. Bulangeti ligulidwa pa tsiku limene thonje lalipiridwa, ndalama zisanamwazike. Mbande zookedwa dzinja lino zidzayamba kupereka nkhuni patapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mtsikana amene lero atsagana ndi amai ake ku thengo la njobvu adzathyola nkhuni zake kumunda, kuseri kwa nyumba.